Minor, double major kapena mapepala a ICAM: chowonjezera pa digiri chopindulitsa ndi chiti?

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma akatuluka ku NCHE, chimwemwe chimakhala cha masabata ochepa. Kenako m'makomo ambiri muno mu Lilongwe mumalowa funso lovuta: kodi digiri imeneyi payokha idzamupezetsa ntchito mwanayu? Ophunzira eniake funsoli limawasowetsa tulo akafika chaka chachiwiri, chifukwa amaona akulu awo omwe anavala gauni kalekale akuzungulirabe ndi maenvelopu a khaki ku Capital Hill, ku City Centre ndi ku Kanengo. Ndiye aliyense amayamba kusaka choti aphatikize pa digiri. Uyu akuti tenga minor, uyo akuti yamba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama muno m'Malawi, winanso akuti usadzivutitse, udzapanga masters ukayamba ntchito.

Maganizo anga ndiwaneneretu. Mwa njira zonsezi, minor ndiyo yotsika mtengo, ndipo ndimaikonda. Koma imapindula pokhapokha ngati ikukupatsani luso lomwe digiri yanu ilibe, luso loti mutha kulionetsa munthu akakuikani pa kompyuta, m'kalasi kapena m'munda. Yongotengera kuti CV italike imadya nthawi yomwe phunziro lanu lalikulu limafuna. Ndipo kwa ophunzira ambiri a muno mu Lilongwe, minor yolembedwa papepala kulibe n'komwe pa pologalamu yawo, choncho ayenera kudziwa njira zina zofikira pa phindu lomwelo.

Minor ndi chiyani, nanga kuno imapezeka kuti?

Pa digiri ya zaka zinayi pamakhala phunziro lalikulu lomwe mumazamapo, lomwe ndi major. Minor ndi phunziro lachiwiri lomwe mumalitsata mwadongosolo, kuchokera ku makosi oyambira mpaka ena a chaka chachitatu kapena chachinayi, koma osafika kuya kwa major. Dongosololi linazika mizu kwambiri ku America, komwe digiri imakhala ndi makirediti pafupifupi 120, omwe ndi makosi ngati 40, ndipo minor imatenga makosi 5 mpaka 7 mwa amenewo. Chaka sichiwonjezereka. Wophunzira amangotenga mipata yomwe akanamwazamo makosi osagwirizana n'kuiunjika pa phunziro limodzi.

Malangizo ambiri omwe achinyamata athu amawerenga pa intaneti analembedwera ophunzira a kumeneko, ndipo chisokonezo chimayambira apa. Kwathu kuno sukulu iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Ku Chanco, yomwe kuyambira 2021 ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, mibadwo yambiri ya ophunzira a Social Science, Humanities ndi Science inkayamba ndi maphunziro angapo chaka choyamba n'kumachepetsa chaka ndi chaka mpaka kutsala ndi lalikulu ndi lothandizira. A zauphunzitsi, kaya ku Zomba, ku Mzuni, ku Domasi kapena ku Nalikule kuno ku Lilongwe, amakonzekeretsedwa kukaphunzitsa maphunziro awiri ku sekondale. Koma wophunzira unamwino ku KUHeS, uko pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, amapeza makosi ake atayalidwa kale kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza, pamodzi ndi masabata a m'mawodi. Wa uinjiniya ku MUBAS chimodzimodzi. Ku LUANAR mumalowa pologalamu yodziwika dzina kuyambira tsiku loyamba, kaya Agronomy, Animal Science, Forestry kapena Agribusiness Management, ndipo mpata wosankha phunziro la dipatimenti ina ndi wochepa.

Ichi n'chifukwa chake nkhaniyi imayenera kuyamba mwana asanadzaze fomu ya NCHE. Pologalamu yomwe walemba pa fomu ija ndiyo imagamula ngati adzakhale ndi mwayi wa minor kapena ayi.

Kumene minor imalipira

Lilongwe ndi mzinda wa maunduna, mabungwe omwe si aboma, nthambi za United Nations ndi maofesi a akazembe. Onsewa amayendera mapulojekiti, ndipo pulojekiti iliyonse imafuna munthu woti aonetse ndi manambala ngati ndalama zomwe zalowa zasintha kanthu m'midzi. Ntchito imeneyi, yomwe timangoti M&E (monitoring and evaluation), ndi imodzi mwa zomwe zimalengezedwa kawirikawiri m'nyuzipepala.

Tiyerekeze achinyamata awiri, onse a digiri ya Sociology. Woyamba anatenga makosi ofewa kuti asavutike ndi masamu. Wachiwiri anapirira n'kutenga Statistics kapena Demography ngati minor. Bungwe likamachita kafukufuku ku Dowa kapena ku Mchinji, woyamba amalembedwa ngati enumerator: amupatsa tabuleti, afunse mafunso khomo ndi khomo, alandire ndalama ya patsiku, masabata atatu akatha abwerere kunyumba kukadikira kafukufuku wina. Wachiwiri ndiye amakhala mu ofesi kukonza mafunsowo pa KoBoToolbox, kuwerengera kuti pafunike mabanja angati kuti zotsatira zikhale zodalirika, kutsuka deta ikabwera, ndi kuizukuta pa Stata, SPSS kapena R. Uyu ndi yemwe amapatsidwa kontirakiti ya chaka. Onse awiri anamva bwino nkhani za umphawi ndi chikhalidwe cha anthu, koma m'modzi yekha ndiye angathe kuziika m'manambala omwe othandiza ndi ndalama amafuna kuona. Ku unduna wa zaumoyo nakonso, malipoti a m'zipatala amalowa mu DHIS2, dongosolo la pa kompyuta losungiramo deta ya zaumoyo, ndipo munthu womvetsa anthu komanso womvetsa deta sasowa pomugwiritsa ntchito.

Ndikanakhala ndi mphamvu, wophunzira aliyense wa Social Science ndikanamukakamiza kutenga makosi a manambala mpaka chaka chachitatu. Ambiri amawathawa chifukwa cha mantha omwe anabwera nawo kuchokera ku MSCE, osati chifukwa choti mutu wawo sungathe.

Koma apa pali msampha womwe umagwira ambiri. Makosi a Statistics, Mathematics, Computer Science ndi Economics amamangidwa ngati masitepe: wa chaka chachiwiri amafuna kuti munakhoza wa chaka choyamba. Mukadzuka m'chaka chachitatu n'kunena kuti tsopano ndikufuna minor ya Statistics, mudzauzidwa kuti mulibe makosi oyambira, ndipo khomo latsekeka. Chisankho chenicheni chimachitika pa mlungu wolembetsa makosi a chaka choyamba, nthawi yomwe mwana ali yaro, sakudziwa ngakhale komwe kuli laibulale, ndipo malangizo akuwatenga kwa makonti, ophunzira a zaka zapamwamba, omwe amangomuuza kosi yomwe ilibe sapu (mayeso obwereza) zambiri. Makolo ndi amalume omwe munadutsamo, mlungu umenewu ndi woti muimbe foni.

Kwa mphunzitsi, nkhani ya minor ndi ya tsiku ndi tsiku. Mukatumizidwa ku CDSS, a hedi amagawa mapiriyodi potengera dzenje lomwe lilipo, ndipo dzenje lalikulu m'sukulu zambiri ndi la masamu ndi sayansi. Sukulu zomwe si zaboma ku Area 25, ku Kawale kapena ku Likuni zimakondanso mphunzitsi m'modzi wotha maphunziro awiri, chifukwa malipiro ndi a munthu m'modzi. Wotha Physics ndi Mathematics, kapena Biology ndi Chemistry, sakhala nthawi yaitali pakhomo. Pempho langa kwa omwe ali ku Nalikule ndi kwina ndi lakuti minor yanu muitenge ngati kuti ndiyo mudzaphunzitse moyo wanu wonse, chifukwa nthawi zambiri zimaterodi. Ana a Fomu 4 omwe akudikira mayeso a MANEB sadziwa kuti phunziro lomwe mukuwaphunzitsalo inu munangolidutsa pamwamba. Amangodziwa kuti tsogolo lawo lili pa bolodi pomwe mwaimapo.

Zilankhulo nazo ndi minor yomwe timaipeputsa. Chifalansa chimaphunzitsidwa ku Chanco ndi ku Mzuni. SADC imagwira ntchito m'Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chiswahili. Ku Dzaleka, kufupi ndi Dowa boma, kuli anthu ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ndipo mabungwe ogwira ntchito kumeneko amafuna anthu otha kulankhula nawo popanda wotanthauzira. Dziko la Mozambique latizungulira mbali zitatu, katundu wathu amadutsa ku Beira ndi ku Nacala, koma Amalawi a digiri otha kulemba kalata ya malonda m'Chipwitikizi ndi owerengeka. Chilankhulo ndi luso losabisika: wolemba ntchito amangokuyankhulani mphindi ziwiri n'kudziwa ngati muli nalo.

Phindu lina limaoneka patapita zaka. Mukafuna kusintha njira pa masters, oyang'anira pologalamu amatsegula transcript kuti aone ngati munakhudzako phunzirolo. Masters ya Economics kapena ya Agricultural Economics imafuna munthu yemwe anachitako masamu ndi Statistics. Ya Public Health imalandira anthu ochokera kosiyanasiyana, koma yemwe anachitako Demography kapena Biology amayamba ali patsogolo. Ndiponso zotsatsa ntchito zambiri, zaboma ndi za mabungwe, zimatchula madigiri awiri atatu n'kuwonjezera kuti "or related field". Wosefa makalata akamakayika ngati digiri yanu ikugwirizana, makosi 6 a phunziro lomwe akufuna ndi omwe angakupulumutseni.

Palinso phindu lomwe silingawerengedwe ndi malipiro, ndipo sindichita manyazi kulitchula. Wa Economics yemwe anachitako History amamvetsa chifukwa chake alimi a fodya amakayikira malonjezo, poti anawerenga za thangata ndi za maesiteti. Wa Computer Science yemwe anachitako Linguistics amadziwa chifukwa chake uthenga wa pafoni wotanthauziridwa mwachisawawa sumveka kwa agogo ku Nsundwe. Dziko lino lili ndi akatswiri ambiri odziwa chinthu chimodzi omwe akakhala pa tebulo limodzi samvana.

Kumene minor siithandiza

Ntchito zomwe zili ndi mabungwe ozilondera sizilabadira minor. Kutenga makosi angapo a malamulo sikukulowetsani m'khoti ngati loya. Pamafunika digiri ya malamulo ndi maphunziro a ku Malawi Institute of Legal Education. Makosi a Psychology kapena Biology sakupatsani chilolezo cha Medical Council of Malawi kapena cha Nurses and Midwives Council of Malawi. Minor ya Accounting siikupangani chartered accountant. Ngati mtima wanu uli pa ntchito zoterezi, limbanani ndi khomo lake lenileni.

Chachiwiri, minor kawirikawiri imaoneka pa transcript, osati pa satifiketi yomwe mumajambulitsa nayo tsiku la graduation. Mukapanda kuitchula nokha pa CV ndi kuphatikiza transcript, wolemba ntchito sadzadziwa kuti ilipo.

Chachitatu ndiye chachikulu. Madigiri athu ambiri amatuluka ndi distinction, credit kapena pass, ndipo kusiyana kwa credit ndi pass kumakutsatani moyo wonse. Mapologalamu ambiri a masters amayang'ana pamenepo. Sikolashipu ya Chevening ya ku Britain imafuna digiri yofanana ndi giredi ya 2:1 ya kwawo komanso zaka ziwiri za ntchito. Ngati minor yomwe mwasankha ikukugwetsani m'masapu chaka ndi chaka mpaka kutsitsa avereji yanu, mwagula luso laling'ono ndi mtengo waukulu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndaonapo achinyamata anzeru akuwididwa, kuchotsedwa sukulu atalephera mayeso, osati chifukwa cha ulesi koma chifukwa chosenza zambiri nthawi imodzi. Yesani mphamvu zanu moona mtima pa semesita yoyamba. Ngati kosi yoyambira mwaidutsa movutikira kwambiri ngakhale munalimbikira, ganizaninso.

Double major

Apa maphunziro onse awiri mumawatenga mpaka chaka chachinayi mofanana. Pamene sukulu ikulola, ndi njira yamphamvu kwa maphunziro omwe amadyerana, monga Economics ndi Statistics, kapena Mathematics ndi Computer Science, chifukwa zomwe mwaphunzira m'mawa kuno zimakuthandizani masana uko. Kwa maphunziro otalikirana, mtolo umalemera kwambiri, ma timetable amawombana, ndipo chaka chachinayi, chomwe chili kale ndi risechi, chimasanduka chozunza. Mumatayanso makosi ena akuya a phunziro lililonse, moti mutha kutuluka muli wapakatikati mbali zonse ziwiri. Ndingailimbikitse kwa wophunzira yemwe chaka choyamba ndi chachiwiri wakhoza bwino popanda sapu, ndipo akufunitsitsa ntchito ya kafukufuku kapena yophunzitsa ku yunivesite. Kwa ena onse minor ikukwana.

Mapepala a ICAM, ACCA ndi a zogulagula

Njira iyi ndi yosiyana ndi minor pa chinthu chimodzi chachikulu: olemba ntchito amaidziwa ndi dzina. Mukalemba kuti muli ndi Technician Diploma ya ICAM, wa ku akaunti sakufunsani kuti zimenezo ndi chiyani. Mayeso ake ndi amodzi kwa aliyense, kaya munaphunzira ku Malawi College of Accountancy kuno ku Lilongwe, kaya munawerenga nokha kunyumba ku Chinsapo. Pepalalo limaima palokha, ndipo limakutsegulirani khomo lomwe minor singatsegule.

Mtengo wake ndi ndalama zenizeni zotuluka m'thumba. Minor ili mkati mwa fizi yomwe mukulipira kale, ndipo ngati muli pa ngongole ya HESLGB, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, ngongole yomweyo yakwirira zonse. Mapepalawa amafuna ndalama yolembetsera, ya mayeso aliwonse, ya mabuku, ndi ya makalasi amadzulo ngati mukuwafuna. A ICAM mumalipira m'makwacha. A ACCA, bungwe la za akaunti la ku Britain, omwe ali ndi mayeso 13 kwa woyambira pansi, mumalipira m'mapaundi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense yemwe anali pakati pa ulendo wa ACCA anaona fizi yake ikukwera usiku umodzi, osanenanso za kuvuta kopeza ndalama zakunja ku banki. ACCA imadziwika m'mayiko ambiri, choncho kwa wofuna kukagwira ntchito kunja ili ndi kulemera kwake. Kwa wofuna kugwira ntchito kuno, ine ndingayambe ndi ICAM.

Omwe njira iyi imawapindulira modabwitsa si a digiri ya Accounting okha. Wa Agronomy kapena Animal Science yemwe ali ndi satifiketi yoyambira ya akaunti ndi munthu wosowa kwambiri m'makopaletivi, m'mafamu akuluakulu ndi m'makampani a mbewu ndi zakudya za ziweto ku Kanengo, chifukwa amatha kuyang'ana munda n'kuyang'ananso buku la ndalama. Wa uinjiniya yemwe ali ndi pepala la zogulagula la MIPS kapena CIPS amamvetsa zomwe zikugulidwa komanso malamulo a kagulidwe omwe PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, imalondera, ndipo ntchito zambiri za boma zimakakamira pamenepo.

Chenjezo langa ndi la nthawi. Mayeso a mabungwewa saona kalendala ya yunivesite yanu, ndipo akhoza kugwa mlungu umodzi ndi mayeso otsiriza semesita. Ngati mukufuna kuyamba muli pasukulu, tengani pepala limodzi kapena awiri pa nthawi, ndipo digiri ikhale patsogolo. Ambiri zimawayendera bwino akayamba atangomaliza, m'miyezi ija yodikira graduation yomwe imangopita pachabe.

Minor yodzimangira nokha

Iyi ndi njira ya wophunzira wa ku Bunda, wa ku NRC ndi wina aliyense yemwe pologalamu yake inayalidwa kale. Palibe ofesi yomwe idzalembe dzina lake pa transcript, koma ikachitidwa bwino imaposa minor yolembedwa.

Muli ndi zida zitatu: makosi osankha ngati alipo, atachimenti, ndi risechi ya chaka chomaliza. Ophunzira ambiri zitatuzi amazimwaza. Kosi yosankha amatenga yomwe mesho watenga, atachimenti amapita komwe amalume ali ndi mnzawo, mutu wa risechi amatenga womwe watsala pa mndandanda wa supavayiza. Mukaziloza zonse zitatu kumalo amodzi, mumatuluka ndi luso lachiwiri lokhala ndi umboni.

Titenge wophunzira wa Animal Science yemwe akufuna mbali ya malonda. Atachimenti apemphe ku gulu la alimi a mkaka lomwe limasonkhanitsa mkaka pamodzi n'kugulitsa ku kampani, ndipo kumeneko asangokhala ku khola. Apemphe kuona mabuku, adziwe mkaka wochuluka bwanji umabwezedwa chifukwa chowawasa, magetsi akazima thanki yoziziritsira imataya ndalama zingati. Risechi yake ikhale yowerengera kuti mlimi amawononga ndalama zingati kuti atulutse lita imodzi ya mkaka, n'kuyerekeza ndi mtengo womwe amalandira. Pochita zimenezi adzakakamizika kuphunzira Excel mozama, kufunsa alimi mafunso osawasokoneza, ndi kulemba lipoti loti wapampando wa gulu alimve. Pa intavyu, mnzake akamanena kuti ndimakonda agribusiness, iye atulutsa lipoti n'kufotokoza pomwe alimi akutayira ndalama.

Wa Forestry kapena Environmental Science angachite chimodzimodzi ndi mapu. QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapu, ndi yaulere, zithunzi za setilaiti za Landsat ndi Sentinel ndi zaulere, ndipo risechi yoonetsa momwe nkhalango ya Dzalanyama yasinthira pa zaka zingapo ndi umboni woti munthu amatha GIS kuposa satifiketi ya masiku asanu. Dzalanyama ndi komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, womwe madzi ake timamwa mu mzinda muno, choncho mutu wotere suvuta kupeza woumvetsera. Wa Agronomy yemwe wapita ku Chitedze pa atachimenti apemphe kukhala pafupi ndi omwe amakonza ndondomeko ya minda yoyeserera ndi kuzukuta zokolola, osangoti kuyeza kutalika kwa chimanga n'kupereka pepala.

Njira iyi ili ndi mphatso ina: mphunzitsi wa dipatimenti ina yemwe munamupempha thandizo pa risechi amasanduka referee wokudziwani ntchito yanu. Aphunzitsi ambiri a ku yunivesite amasangalala wophunzira akagogoda pa ofesi ndi funso lenileni. Gogodani mwaulemu, mutakonzekera, ndipo musadikire mwezi womaliza.

Kuipa kwake n'kwakuti palibe wokukakamizani. Minor yolembedwa ili ndi mayeso ndi tsiku lake. Iyi imadalira khama lanu lokha, ndipo ndi yosavuta kuisiya pakati zinthu zikathina.

Luso la manja ndi makosi afupiafupi

Kwa yemwe akuganiza zodzilemba yekha ntchito, kosi ya ku Lilongwe Technical College, ku Namitete kapena kwina kovomerezedwa ndi TEVETA ikhoza kupindula kuposa zonse zomwe ndatchulazi. Wa digiri ya ulimi wothirira yemwe amathanso kulumikiza mapanelo a sola ndi kukonza pampu safunika kudikira kulembedwa. Alimi a tomato ndi anyezi m'madimba amamufuna lero. Kunyada kwa digiri kusakulepheretseni kuvala ovolosi.

Makosi a pa intaneti ndi abwino pophunzira, makamaka za kompyuta, ndipo ambiri mtengo wake ndi bandulo yokha. Satifiketi zake zokha sizilemera kwenikweni pamaso pa olemba ntchito kuno. Chomwe chimalemera ndi chinthu chomwe mwapanga mutaphunzira. Ndipo sukulu iliyonse yomwe ikukulonjezani dipuloma kapena digiri, yambani mwaona ngati iyoyo ndi pologalamuyo zili pa mndandanda wa zovomerezedwa ndi NCHE musanapereke tambala.

Kudikira masters, kapena kusawonjezera kanthu

Masters ndi yozama kuposa minor ndipo ndi yodula kutalitali. Imakoma munthu atagwirako ntchito zaka ziwiri zitatu n'kudziwa chomwe chikumusowa, ndipo muno mu Lilongwe muli mwayi wa makalasi a kumapeto kwa sabata kwa omwe ali pantchito. Kuthamangira masters chifukwa choti ntchito yasowa kumangowonjezera pepala pa munthu yemwe alibe luso la pantchito. Wa digiri ya Science kapena Humanities yemwe wazindikira mochedwa kuti akufuna kuphunzitsa, njira yake ndi University Certificate in Education, osati masters.

Palinso wophunzira yemwe ndikufuna ndimulankhule mwachindunji. Mukukhala m'chipinda cha lendi kunja kwa kampasi, ndalama ya chakudya imatha mwezi usanafike pakati, tchuthi chilichonse mumagwira ganyu kuti mupeze fizi, ndipo kunyumba akudikira inu kuti mudzaphunzitse ang'ono anu. Inu musadzione wotsalira chifukwa anzanu akulemba mapepala awiri atatu. Kumaliza m'zaka zinayi, popanda kubwereza chaka, ndi credit m'manja, n'chinthu chachikulu kwambiri, ndipo chimasiya makomo onse otsegula. ICAM idzakhalapobe mukayamba kulandira malipiro. Chomwe mungachite popanda kuwononga ndalama ndi kusankha mutu wa risechi mwanzeru, monga ndafotokozera pamwambapa.

Zoti mukafunse ku dipatimenti

Ngati pologalamu yanu ikulola minor, pitani kwa mkulu wa dipatimenti m'semesita yoyamba, osati yachisanu. Afunseni kuti minor imafuna makosi angati ndipo oyambira ake ndi ati. Funsani ngati makosi a chaka chachitatu ndi chachinayi a phunzirolo amaphunzitsidwadi chaka chilichonse, chifukwa kosi ikhoza kukhala m'buku koma mphunzitsi wake ali kunja kukachita PhD. Funsani ngati nthawi zake siziwombana ndi makosi okakamiza a major yanu, ngati magiredi a minor amalowa m'kawerengedwe ka credit ndi distinction, komanso ngati mungaisiye pakati popanda kutaya chaka. Yankho lililonse lofunika mulione lolembedwa m'buku la malamulo a fakote. Zomva kwa makonti zimasintha ndi womufunsa.

Kenako pezani anthu awiri kapena atatu omwe akugwira ntchito yomwe mukuifuna, muwafunse chomwe amachita Lolemba m'mawa akafika mu ofesi ndi chomwe akanakonda akanaphunzira ali pasukulu. Tengani nyuzipepala za mwezi wathunthu, muwerenge zotsatsa ntchito za gawo lanu, mulembe maluso omwe akubwerezedwa. Ngati phunziro lomwe mukufuna kutenga ngati minor silikuoneka m'mayankho a anthuwo kapena m'zotsatsazo, koma mtima wanu ukulikondabe, litengeni mukudziwa kuti mukulitengera chikondi, ndipo muonetsetse kuti silikugwetsani magiredi.

Mukamaliza, pemphani transcript msanga, chifukwa imatenga nthawi kutuluka ndipo zotsatsa ntchito zimatseka m'masabata awiri. Pa CV lembani minor pa mzere womwewo wa digiri, pansi pake mutchule makosi atatu apamwamba omwe munachita ndi mapulogalamu a kompyuta omwe mumatha kugwiritsa ntchito. M'kalata yofunsira ntchito, ikani chiganizo chimodzi chonena ntchito yeniyeni yomwe munagwira ndi lusolo, kaya ndi deta ya mabanja omwe munawafunsa pa risechi, kalasi ya Fomu 3 yomwe munaphunzitsa pa teaching practice, kapena mapu omwe munajambula, ndipo mupite nazo ku intavyu zili zosindikiza.